Kodi ine ndili bwinobwino? Mafunso ndi mayankho pa za chikhulupiriro ndi moyo wa munthu

Ndinaphunzitsa ana a pulayimale zaka zambiri kuno ku Thyolo, ndipo nditapuma ntchito mpingo unandiika pa ulangizi. Kuyambira pamenepo khonde langa lamva zambiri. Wina amabwera ndi za banja, wina za matenda, wina za mapemphero, koma akamaliza kufotokoza amakonda kutsiriza ndi mawu amodzimodzi: "Amayi, kodi ine ndili bwinobwino?" Mafunso ali m'munsimu ndi amene ndimawamva kawirikawiri. Ndachotsamo chilichonse chimene chingaulule eni ake. Ndine Mkhristu ndipo ndiyankha monga Mkhristu, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa owerenga amaswali kumzikiti ndipo ena sapita kulikonse.

Anthu akamati "munthu wabwinobwino" amatanthauza chiyani?

Mawu amenewa timawasenzetsa akatundu atatu pa nkhata imodzi. Nthawi zina timanena za kufanana ndi ambiri: anavinidwa, anakwatira pa msinkhu wake, ali ndi ana, amaoneka pamaliro. Nthawi zina timanena za thanzi, kuti thupi ndi mutu zikugwira ntchito. Nthawi zinanso timanena za khalidwe, kuti saba, sanama, sazunza anzake. Chimene chimaliritsa anthu n'chakuti munthu akangosiyana ndi ambiri, ife timamuweruza ngati wodwala kapena woipa. Mtsikana wosakwatiwa timayamba kumufunira mankhwala. Mnyamata wosayankhulayankhula timati ngwoipa mtima.

Ife a kuno timadzuka n'kuona tiyi. Amene anatcholapo ku Satemwa, ku Makandi kapena ku Lujeri akudziwa kuti munda umasalala pamwamba ngati tebulo chifukwa umaduliridwa ndi kutcholedwa kosalekeza. Tiyi ukamusiya osamudulira amakula n'kukhala mtengo weniweni, wotalika kuposa nyumba. Kusalala kuja kumathandiza wotchola kuti dzanja lifike paliponse, koma si mmene mtengowo unalengedwera. Mudzi nawo umakonda anthu osalala, osavuta kuwamvetsa. Sindikunyoza mudzi ayi. Popanda kugwirizana sitikanaika maliro, sitikanamanga ukwati. Ndikungonena kuti muyeso wakuti "anzako onse amatero" ndi wothandiza mudzi kuyenda, si chiweruzo cha Mulungu pa moyo wanu. Choncho munthu akandifunsa ngati ali bwinobwino, ndimayamba ndamufunsa kuti: chinthu chikukusautsanichi chikupweteka ndani? Inuyo, munthu wina, kapena chikungodabwitsa anthu?

Ndili ndi zaka 34 ndipo sindinakwatiwe. Azakhali akuti pali chondimanga, ndikapemphereredwe. N'zoona?

Achemwali, muyambe mwawamvetsa azakhali anuwo. Kuno ndife a chikamwini, mbumba imakula kudzera mwa mwana wamkazi, ndiye akakuonani muli nokha amaona ngati khomo lawo likutsekeka. Nkhawa yawo ndi ya chikondi. Koma yankho lawo silolondola.

Zifukwa zimene akazi ambiri akuchedwera kukwatiwa zili poyera. Mtsikana amene wakhalitsa pasukulu amakwatiwa mochedwa kuposa mayi ake. Anyamata a msinkhu wanu ambiri ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni, poti malo olima kuno anachepa kalekale. Ena anakufunsirani inu n'kuwakana chifukwa munaona mowa kapena nkhanza, ndipo munachita bwino. Palibe chingwe cha mizimu pamenepa.

M'Malemba, Paulo sanali pabanja, ndipo pa 1 Akorinto 7 akunena poyera kuti kukhala osakwatira ndi mphatso monga kukwatira kulinso mphatso. Yeremiya anauzidwa ndi Mulungu yemwe kuti asakwatire. Ambuye Yesu sanamange banja. Mpingo umene umayesa munthu wosakwatira ngati theka la munthu waiwala anthu ake omwe.

Ngati mumalifuna banja, kulifuna si tchimo ndipo kusungulumwa kumawawa. Pempherani, anzanu akupempherereni. Koma wina akakuuzani kuti muli ndi mwamuna wa kumizimu ndipo kuti amuchotse mulipe ndalama, mbuzi, kapena mupite kwa iye nokha usiku, tembenukani mubwerere kwanu.

Tatha zaka 5 m'banja popanda mwana. Kodi ndi chilango?

Funso ili ndimaliyankha ndi mtima wonse chifukwa njirayi ndinadutsamo. Ine ndi malemu amuna anga tinadikira zaka 6. Ndinamwa mizu yowawa yambirimbiri. Pa chisamba cha anzanga ndinkaphika nawo, kutunga madzi, koma ikafika nthawi yolangiza ndinkatuluka ndekha asanandiuze. Tsiku lina mayi wina wa mumpingo anandiuza pagulu kuti ndifufuze tchimo limene ndikubisa. Ndinalifufuza miyezi yambiri, usiku uliwonse, ndipo ndinatsala pang'ono kudana ndi Mulungu chifukwa cha tchimo limene panalibe.

Si chilango. Hana analira ku Silo osalakwa kanthu. Za Zekariya ndi Elizabeti, Luka akunena kuti onse awiri anali olungama pamaso pa Mulungu, koma anakalamba opanda mwana. Ndipo simuli nokha: bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 aliwonse pa dziko lapansi amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake.

Chimene ndikanakonda wina akanandiuza msanga ndi ichi: mupite kuchipatala nonse awiri. Vuto limatha kukhala mwa mkazi, limatha kukhala mwa mwamuna, limathanso kukhala mwa onse. Kwa akazi, kawirikawiri njira za mazira zimatsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe bwino, kapena matenda obwera pambuyo pa kupita padera. Kwa amuna, mbewu zimatha kukhala zochepa kapena zofooka ngakhale munthuyo ali ndi mphamvu zonse m'nyumba. Abambo, kuyezetsa sikuchotsa ulemu wanu. Chimene chimachotsa ulemu ndi kumusiya mkazi kunyozedwa yekha pamene inu simunayezedwe.

Achibale akayamba kunong'ona zolowetsa fisi m'nyumba, kanani. Mwambo umenewo waika anthu ambiri m'manda kudzera m'kachilombo. Ndipo ngati mwana sabwera ndithu, banja lanu ndi banja lathunthu. Ankhoswe anamanga ukwati wa anthu awiri, ndipo mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Anzanga akamapemphera amagwa, amalira, amalankhula malilime. Ine sindimva kalikonse. Kodi ndilibe Mzimu?

Pa 1 Akorinto 12 Paulo akufunsa ngati onse amalankhula malilime, ndipo yankho limene akuyembekeza ndi lakuti ayi. Akamatchula chipatso cha Mzimu pa Agalatiya 5, akutchula chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima, chifundo, kudziletsa ndi zina zotero. Kugwa pansi mulibemo. Sindikutsutsa anzanu amene amagwa. Mitima inalengedwa mosiyana, ina imawira msanga ngati mkaka, ina imatentha pang'onopang'ono ngati mwala wa pafuwa. Ndikudziwa agogo amene sanakwezepo mawu popemphera koma adalera ana amasiye anayi. Musadzigwetse dala kuti mufanane ndi gulu. Kunamizira pamaso pa Mulungu kumatopetsa moyo kuposa kuuma kwa pemphero.

Nthawi zina ndimakayika ngati Mulungu alipo. Ndine mkulu wa mpingo. Ndiuze anthu kapena ndibise?

Bambo, kukayika kumafika kwa anthu ambiri amene amaitenga nkhani ya Mulungu mozama. Yohane Mbatizi, amene anamuloza Yesu ndi chala chake, atatsekeredwa m'ndende anatuma ophunzira kukafunsa ngati Yesuyo analidi woyembekezeredwa uja. Tomasi anakana kukhulupirira, ndipo patapita sabata anali akadali pakati pa anzake, sanamuthamangitse. Pa Marko 9 bambo wa mwana wodwala ananena kuti akukhulupirira, n'kupemphanso kuti athandizidwe pa kusakhulupirira kwake, zonse mu mpweya umodzi, ndipo mwana wake anachiritsidwa.

Simuyenera kulengeza pa guwa, komanso musakhale nazo nokha. Pezani munthu mmodzi wokhwima, m'busa kapena mkulu mnzanu wosunga pakamwa. Dzifunseninso kuti kukayikaku kunayamba liti. Ambiri amene ndacheza nawo, kunayamba pambuyo pa maliro, pambuyo pa pemphero limene silinayankhidwe, kapena ataona mtsogoleri amene ankamukhulupirira akuchita zonyansa. Kumeneko nthawi zambiri ndi bala, ndipo bala silipola ndi mtsutso wa mavesi.

Chichitikireni namondwe wa Freddy sindigona. Mvula ikangoyamba ndimanjenjemera. Anzanga anaiwala, akuti ndilimbe mtima. Kodi mutu wanga wasokonekera?

Mwanangu, chimene chinachitika mu March 2023 si chinthu choiwalika ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Mvula inagwa masiku angapo osakata, mapiri anagumuka, matope ndi miyala zinakwirira midzi ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Blantyre ndi kuno ku Thyolo. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo mabanja ena cha ku Muloza sanaone n'komwe matupi oti aike. Akuluakulu a ku Phalombe amene anaona napolo wa 1991 akuuzani kuti mpaka lero phiri likachita mkokomo mtima wawo umadumpha. Thupi limene linapulumuka zoopsa limakhala tcheru ngati mlonda amene sanauzidwe kuti kwacha. Imeneyo si misala. Ndiponso musakhulupirire msanga kuti anzanu anaiwala; ambiri angoleka kunena.

Komabe pali malire amene muyenera kuwadziwa. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa muli ndi chisoni tsiku lililonse, chakudya sichikoma, tulo sitibwera kapena mukungogona, zimene munkakonda sizikukusangalatsani, kumunda kapena kuntchito mukulephera kupita, amenewo ndi matenda a maganizo ndipo amachizika. Ngati zoopsa zija zikubwerabwera m'maloto kapena m'maso muli maso, ndi chimodzimodzi. Pitani kuchipatala cha boma, ku Thyolo kapena ku Mulanje, mukanene kuti mukufuna kuonana ndi a za matenda a maganizo. Anthu amaopa kuti akangotchula zimenezi atumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Kumeneko kumapita ochepa amene adwalitsa. Ambiri amathandizidwa ndi uphungu kapena mankhwala akugona kunyumba kwawo.

Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu lero. Mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe apatseni ena akusungireni kutali. Ndikunena makamaka kwa abambo, chifukwa mwa anthu amene amadzipha m'dziko muno ambiri ndi amuna. Tinawalera ndi mawu akuti mwamuna salira, ndiye ngongole kapena banja likavuta amathawira ku kachasu mpaka tsiku limene timadzidzimuka ndi uthenga.

Wina angakuuzeni kuti Mkhristu weniweni sakhumudwa chotere. Muwerengereni 1 Mafumu 19. Eliya, mneneri wamkulu, anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa mkate ndi madzi, anamusiya agone, n'kumudyetsanso kachiwiri. Salmo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, ndipo linasungidwa m'Buku kuti tiziliwerenga.

Mwana wathu amagwa khunyu. Ena akuti ndi ziwanda, ena akuti tinakhwimira bizinesi. Tichite chiyani?

Khunyu ndi matenda a ubongo. Amatha kubwera pambuyo pa malungo aakulu okhudza ubongo, kuvulala m'mutu, kuvutika pobadwa, kapena mazira a nyongolotsi ya nkhumba akafika ku ubongo. Nthawi zina chifukwa chake sichipezeka. Sapatsirana. Thovu la wodwala, malovu ake, mbale yake, palibe chimene chingakupatsireni. Ndikubwereza zimenezi chifukwa ana ambiri apsa pamoto anthu ataimirira, akuopa kuwakhudza.

Akagwa, chotsani moto, madzi ndi zinthu zakuthwa, ikani chitenje pansi pa mutu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, musamupanikize. Kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Mankhwala alipo, ndipo mwa odwala 10, pafupifupi 7 amatha kusiya kugwa akamamwa mwandondomeko. Chachikulu ndi kusadukiza, ngakhale mwana atatha miyezi osagwa.

Kusukulu apite. Pa zaka zanga zauphunzitsi ndinaona ana anzeru akutsekeredwa kunyumba chifukwa makolo ankachita manyazi, ndipo chinawapweteka kwambiri anawo ndi kutsekeredwako kuposa matendawo. Za kukhwima, yankho lili pa Yohane 9. Ophunzira ataona munthu wobadwa wakhungu anafunsa kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake. Yesu anati palibe. Mawu omwewo ndi a makolo a mwana wachialubino, wosamva, kapena wochedwa kuyankhula.

Anandipempherera ndipo akuti ndachira, ndisiye ma ARV monga chizindikiro cha chikhulupiriro. Ndisiye?

Ayi. Musasiye ngakhale tsiku limodzi. Mankhwalawa akamagwira bwino, kachilombo kamachepa m'magazi mpaka makina ena osakaona, koma kamakhala kalipo, ndipo mukasiya kamabwerera, nthawi zina katalimba moti mankhwala akale sagwiranso. Ife a ku Thyolo tikukumbuka zaka za m'ma 1990, pamene zokonza mabokosi zinali bizinesi yotentha ndipo sabata sinkatha popanda maliro. Boma lathu la Thyolo linali limodzi mwa maboma oyamba kulandira ma ARV aulere, mu 2003, kudzera mwa bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières ndi chipatala cha boma, dziko lonse lisanayambe mu 2004. Anthu amene tinkawayembekezera kufa anadzuka, ena lero ali ndi zidzukulu. Ngati kumeneko si kuyankhidwa kwa mapemphero, ndiye kuyankhidwa n'kutani? Amishoni amene anabweretsa uthenga anamanganso zipatala ku Malamulo ndi ku Mulanje Mission, ndipo Luka wolemba Uthenga Wabwino anali dokotala. Pempherani, kenako mezani mankhwala anu.

Kwathu onse ndi a Sabata, ine ndalowa mpingo wina. Akuti ndasokonekera. Kodi kusiyana ndi abale pa chipembedzo n'kulakwa?

Cha ku Makwasa, kumene mishoni ya Malamulo yakhala kuyambira 1902, mwana amakula akudziwa kuti tsiku lopembedza ndi Loweruka ndipo nkhumba sidyedwa. Mukayenda pang'ono kufika kumene kuli CCAP kapena Katolika wambiri, wosunga Sabata ndiye amaoneka wachilendo. Mukakwera minibasi kupita ku Mangochi, tsiku lalikulu ndi Lachisanu. Munthu yemweyo angakhale wabwinobwino m'mawa n'kukhala wodabwitsa madzulo, malinga ndi kumene watsikira.

Nthawi nayo imasintha muyeso. Kuyambira 1967 mpaka 1993 a Mboni za Yehova anali oletsedwa m'dziko muno. Chifukwa chokana kugula khadi la chipani anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anathawira ku Mozambique ndi ku Zambia. Masiku amenewo munthu wabwinobwino anali wokhala ndi khadi m'thumba, ndipo ambiri mwa ife tinangoyang'ana. Sindigwirizana ndi a Mboni pa ziphunzitso zingapo, koma pa nkhani imeneyo amene analakwa ndi gulu lalikulu. Kuyambira 1973 mpaka nthawi ya matipate, mkazi wovala buluku ankaphwanya lamulo. Makolo athu Achilomwe, amene anabwera kuchokera ku Mozambique n'kumagwira thangata m'maesiteti, ankatchedwa dzina lachipongwe, ndipo ambiri analeka kuphunzitsa ana awo chilankhulo kuti asasekedwe. Lero anthu amasonkhana ku Chonde chaka ndi chaka, chiyambire Mulhako wa Alhomwe mu 2008, kuvina tchopa poyera, pamene zidzukulu zikuvutika kuphunzira mawu amene agogo anabisa.

Ndiye kusiyana ndi abale pakokha si kulakwa. Koma mudzifunse moona ngati mwasamuka chifukwa cha chikumbumtima kapena chifukwa cha mkwiyo. Ndipo musanyoze kumene munachokera. Mayi anu akadwala Loweruka kapena Lamulungu, pitani. Pamaliro khalani nawo, gwirani ntchito. Mpingo uliwonse umene ukukuuzani kuti makolo anu ndi afiti, musadye kwawo, musawayankhule, muuyang'anitsitse kawiri.

Agogo athu amayankhula okha, amatuluka usiku, tsiku lina anapezeka pakhomo pa eni opanda zovala. Mudzi ukuti ndi mfiti yagwa pa ndege.

Apa ndikupemphani muchite changu, chifukwa moyo wa agogowo uli pa ngozi. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro zodziwika za matenda oiwala a ukalamba. Ubongo umafooka, munthu amaiwala maina a ana ake, amasokoneza usiku ndi usana, amatuluka kufunafuna mudzi umene anakulira, n'kusochera. Ena amavomera chilichonse chimene afunsidwa, ngakhale ufiti, chifukwa sakumvetsa funso. Apititseni kuchipatala, poti nthawi zina kusokonezeka kotere kumabwera ndi matenda ena ochizika. Kenako pitani kwa amfumu inu eni musanaitanidwe, mukafotokoze kuti agogo akudwala. Usiku pakhale wogona nawo.

Dziwaninso kuti lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Tisaiwale zimene mantha anatichititsa mu 2017. Mphekesera za anamapopa zinayambira kuno kummwera, ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anatseka misewu, anagona panja, ndipo anthu angapo anaphedwa popanda umboni uliwonse. Amene ankakayikiridwa anali alendo, oyenda okha, onyamula chikwama chachilendo, osatha kudzifotokoza bwino. Mmodzi mwa ophedwa ku Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Amene anagenda miyala anali anthu wamba, opita kutchalitchi, ochita zimene aliyense ankachita sabata imeneyo. Ndikaganiza za mawu akuti "wabwinobwino" ndimakumbuka miyezi imeneyo, ndipo mtima umandiwawa. Akale anati wamisala anaona nkhondo. Ankadziwa kuti amene mudzi wamutaya amathanso kuona chimene mudzi sukuona.

Sindikonda magulu. Ndikaweruka ndimafuna kukhala ndekha. Akuti ndine wonyada.

Anthu ena amapeza mphamvu pagulu, ena amazipeza pa chete. Yesu yemwe ankachoka m'mamawa kupita kwa yekha. Ngati mwakhala chotere kuyambira ubwana ndipo muli pa mtendere, palibe chovuta. Perekani moni, pitani kumaliro ndi kukaona odwala, poti kali kokha n'kanyama. Zotsalazo ndi zanu. Chodetsa nkhawa ndi pamene munthu amene ankakonda anthu wayamba mwadzidzidzi kudzitsekera m'nyumba.

Pa Facebook anzanga a kusukulu ali ndi magalimoto ndi nyumba. Ine ndikadali kutchola tiyi. Kutchalitchi akuti wokhulupirira sasauka.

Pa foni munthu amaika tsiku limene wavala bwino. Saika chipinda chimene akugona anthu 6 ku Johannesburg, kapena katapila amene akumusowetsa tulo. Malawi ndi dziko limene anthu ambiri amadalira khasu ndi ganyu, ndipo m'maboma athu a Thyolo ndi Mulanje malo abwino ambiri ali m'maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda. Umphawi wa kuno uli ndi mbiri yake, sunayambe ndi kuchepa kwa chikhulupiriro chanu. Chiphunzitso chakuti wokhulupirira sasauka chimagwa chikangokumana ndi Paulo, amene analemba kuti anadziwa njala ndi usiwa, ndiponso ndi Mwana wa Munthu amene analibe potsamira mutu. Kufuna kutukuka n'kwabwino: lowani banki m'khonde, phunzirani luso, limbikirani sukulu ya ana. Koma ndalama ya ufa musaipereke ngati mbewu kwa munthu amene akulonjeza kuti ibwerera kakhumi.

Amuna anga amandimenya akaledzera. Anzanga akuti mabanja onse ndi choncho, banja ndi kupirira.

Apa ndi pamene mawu akuti "onse ndi choncho" amapha. Chinthu chikhoza kukhala chofala m'mudzi monse n'kukhalabe choipa. Ndikuvomereza ndi chisoni kuti ife alangizi tathandizira: tauza atsikana ambiri kuti za m'nyumba saulula, ndipo ena tawabweza kwa amuna amene anadzawavulaza. Kupirira kumene Malemba amanena ndi kwa pa umphawi, pa matenda, pa kusiyana maganizo. Pa Aefeso 5 mwamuna akulamulidwa kukonda mkazi monga thupi lake lomwe, ndipo palibe amene amathyola dzanja lake n'kumati ndi chikondi.

Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza ozunzidwa. Uzani ankhoswe ndi mwini mbumba wanu. Akakubwezani ndi mawu akuti pirirani pamene kumenyako kukupitirira, pitani kupolisi, ndipo ngati mwavulala yambani kuchipatala kuti zilembedwe. Kuchoka pamalo pamene moyo wanu ndi wa ana uli pa ngozi si kuphwanya lumbiro. Analiphwanya ndi amene anakweza dzanja.

N'chimodzimodzi ndi kukwatitsa ana. Zinali zofala, agogo athu ambiri analowa m'banja atangotha msinkhu, koma kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomera.

Ndikufuna kuuza munthu zimene zili mumtima mwanga, koma ndikuopa kuti mawa zimveka pamjigo. Ndiyambire pati?

Mantha anuwo ali ndi chifukwa. Nkhani zambiri zimatuluka kudzera mwa anthu amene amati akukapempherera mnzawo, n'kuzitchula pagulu la mapemphero ndi dzina lomwe. Posankha munthu, yang'anani mmene amayankhulira za ena. Amene amakubweretserani zinsinsi za anzake adzatenganso zanu. Sikofunika kuti akhale waudindo. Nthawi zina ndi mlamu wofatsa, mphunzitsi wakale, kapena mayi wa Mvano, wa Dorika kapena wa mphakati amene simunamumvepo akutchula munthu.

Yambani ndi kachidutswa kakang'ono, mudikire sabata ziwiri, muone ngati kabwerera kwa inu kudzera kwina. Nenani poyambirira chimene mukufuna: "Sindikufuna malangizo lero, ndikufuna mundimvere." Ngati nkhaniyo ndi ya thanzi, a chipatala ali ndi lamulo losunga chinsinsi, ndipo ngati kuchipatala chapafupi kuli wachibale kapena woyandikana naye nyumba, muli ndi ufulu wopempha kuonana ndi wina kapena kupita chipatala china. Ngati pakamwa pakulemera, lembani pa pepala mukamupatse awerenge inu muli pomwepo. Ambiri amene anabwera pakhonde langa anayamba chotero, ena anakhala ola lathunthu tikusola chimanga asananene liwu loyamba.